Kudzala udzu wokongoletsa ndi maluwa mu mphika umodzi kuno ku Lusaka

Udzu wofiirira wa ngayaye zofewa, uja amagulitsa m'machubu akuda pa manazale a m'mbali mwa misewu, umakula bwino mu mphika, ndipo ukazunguliridwa ndi maluwa umakongoletsa ngakhale khonde la simenti lopanda mtengo ndi umodzi womwe. Kwa amene akukhala nyumba ya lendi ubwino wake ndi woonjezera, chifukwa tsiku losamuka mphika umakwera nawo galimoto. Chofunika kugwira kuyambira pachiyambi ndi ichi: mu mphikamo udzu ndiye wokhalitsa, maluwa ndi osinthasintha. Lusaka ili ndi nyengo zitatu, kutentha kwa Seputembala ndi Okutobala, mvula yoyambira Novembala mpaka Marichi kapena Epulo, ndi kuzizira kwa Juni ndi Julayi. Udzu umodzi umapirira zonsezi mukausamala, koma maluwa ambiri amakondwa m'nyengo imodzi kapena ziwiri basi.

Choyamba, sankhani udzu

Woyenera kuyamba nawo ndi Pennisetum setaceum 'Rubrum', wa masamba ofiirira ngati vinyo, wotalika masentimita 90 mpaka 120 pamodzi ndi ngayaye zake. Pali mtundu wina wotchedwa 'Fireworks', wa masamba a mizere yofiira ndi yapinki, womwe sutalika kwambiri. Yonse iwiri sibereka mbewu zomera, choncho imachulukitsidwa pogawa chiputu. Wina akakugulitsani njere n'kunena kuti ndi za udzu wofiirawu, musatenge. Kawirikawiri chimamera ndi mnzake wobiriwira uja, amene amamwaza njere paliponse n'kudzaza m'ngalande ndi m'ming'alu ya simenti. Ku South Africa malamulo amauika wobiriwirawo m'gulu la zomera zoyenera kuzulidwa, ndipo ife sitilangiza kuudzala.

Lemon grass, udzu wonunkhira mandimu uja timathira m'tiyi, dzina lake la sayansi Cymbopogon citratus, umaoneka bwinonso mu mphika. Koma ndi wadyera. M'nyengo imodzi ya mvula umadzaza mphika wonse, ndiye upatseni mnzake wa mizu yosazama monga duwa la portulaca. Melinis repens, udzu wa ngayaye zapinki zonyezimira umene umamera wokha m'mbali mwa misewu ndi m'mapuloti osamangidwa, ndi wa konkuno ndipo sufuna ndalama. Pululani njere ngayaye zikayamba kutuwa, muzisunge m'pepala, mudzafese mvula ikayamba. Sukhalitsa zaka zambiri, koma ndi wopepuka ndipo supanikiza maluwa. Pali machewere ofiirira otchedwa 'Purple Majesty', odzala ndi njere chaka ndi chaka, otalika mita imodzi ndi theka akakondwa. Mbalame zimawadya ngati machewere ena onse. Pampas grass musauike mu mphika konse: ndi waukulu mopitirira ndipo masamba ake amacheka ana.

Pogula, tembenuzani chubu muone pansi. Mizu yoyera ikusuzumira m'mabowo, ndi bwino. Ngati ili yakuda, yonyowa ndi yonunkha, chisiyeni. Werenganinso mphukira. Chiputu chabwino chikhale ndi zosachepera zisanu.

Mphika ndi malo ouika

Mphika ukhale wotambalala masentimita 40 mpaka 45 pakamwa, wakuya masentimita 35 mpaka 40. Woterowo umalowa dothi la malita 35 mpaka 40. Wocheperapo umauma pofika masana mu Okutobala, komanso mphepo ya Ogasiti ikaomba udzu wautali umaugwetsa. Wa simenti ndiwo timaukonda chifukwa ndi wolemera ndipo sutentha msanga. Wadothi umapumitsa mizu bwino m'dzinja koma umamwa madzi ambiri m'chilimwe. Wa pulasitiki yakuda ukakhala padzuwa la masana umaotcha mizu yonse ya m'mbali, ndiye muupake penti yoyera kapena muukulunge ndi chidutswa cha mphasa. Theka la diramu limagwiranso ntchito, bola lisakhale losungiramo mafuta kapena mankhwala.

Pansi pakhale mabowo asanu kapena asanu ndi limodzi, lililonse lotambalala sentimita imodzi. Miphika yambiri ya simenti imabwera ndi bowo limodzi laling'ono, nthawi zina lotsekeka ndi simenti yomwe. Muuze woumbayo aboole ena musananyamule. Pulasitiki mumaboola ndi msomali wotentha. Pamwamba pa mabowo ikani phale kapena kachidutswa ka ukonde wakale kuti dothi lisamatuluke. Chizolowezi choyala miyala yambiri pansi chisiyeni. Madzi sachoka msanga m'dothi kulowa m'miyala, amayamba aunjikana pamwamba pake, ndiye miyalayo imangokweza malo onyowa kufika pomwe pali mizu, n'kukuchepetseraninso dothi.

Khazikani mphika pa njerwa zitatu. Madzi amatuluka momasuka, ndipo chiswe chikayamba kumanga njira yake yokwera mumachiona msanga.

Udzuwu umafuna dzuwa la maola asanu ndi limodzi kapena kuposa. Pamthunzi kufiira kuja kumazilala, masamba amabiriwira n'kugwa. Kumbukirani kuti m'miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto, choncho khonde loyang'ana kumwera silimaona dzuwa kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Malo abwino koposa ndi oyang'ana kumpoto kapena kum'mawa. Khoma loyang'ana kumadzulo, pansi pali simenti, limabweza kutentha koopsa mu Okutobala. Ngati malo ndi okhawo, sendezani mphika mita imodzi kuchoka pakhoma.

Sakanizani dothi

Apa ndi pomwe miphika yambiri imalakwika isanadzalidwe n'komwe. Dothi la m'munda lokha likaikidwa mu mphika limatsendereka pakatha milungu ingapo yothirira, mpweya umasowa, mizu imaola. Yezani ndi ndowa ya malita 20. Ndowa imodzi yodzaza dothi la pamwamba lofewa, theka la ndowa mchenga wa kumtsinje wa maso akuluakulu, theka la ndowa manyowa a ng'ombe owola bwino kapena kompositi. Pamodzi ndi malita 40. Mukakhala ndi tizidutswa ta makala totsalira pansi pa thumba, onjezerani malita awiri, timathandiza kuti dothi lisagwirane. Phulusa ayi, chifukwa madzi ambiri a ku Lusaka ali kale ndi laimu wochuluka.

Makande a kudambo ndi dothi la pachulu musagwiritse ntchito: likanyowa limamata, likauma limang'ambika n'kusiya mpata m'mbali mwa mphika momwe madzi amangodutsa osanyowetsa mizu. Mchenga wosalala wopakira pulasitala nawonso umatseka mpweya m'malo motsegula. Dothi la pomwe panali tomato zaka zingapo limakhala ndi tinyongolotsi totupitsa mizu, ndipo petunia sachedwa kugwidwa nato. Manyowa owola bwino ndi akuda, ozizira m'manja, onunkhira dothi. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimaotcha mbande m'masiku ochepa, choncho ziyambe zakhala pa mulu miyezi itatu kapena kuposa, ndipo muike theka la muyezo wa manyowa a ng'ombe.

Thirani masupuni awiri aakulu a feteleza wa D Compound, amene nambala zake ndi 10-20-10, pafupifupi magalamu 30, musakanize mpaka asaonekenso pamodzi. Wazani madzi pang'ono, kenaka finyani dothi m'dzanja. Liumbike, koma mukaligunda ndi chala liphwanyike. Likakhalabe chibulumwa, onjezerani mchenga. Likakana kuumbika, onjezerani manyowa.

Kudzala kwake

Nthawi yabwino ndi kuyambira pakati pa Seputembala mpaka kumayambiriro kwa Disembala, pamene kwafunda ndipo udzu uli ndi mphamvu zotulutsa mizu. Dzalani madzulo. Kutatsala ola limodzi, thirirani machubu onse kuti dothi ligwirane ndi mizu.

Thirani dothi mu mphika mpaka magawo awiri mwa atatu, muligwedeze kuti likhazikike, osaliponda. Ng'ambani chubu cha udzu. Mizu ikakhala itazungulira pansi, imasuleni ndi zala kapena ichekeni malo atatu ndi mpeni kuti iyambe kuloza kunja. Mphika woonekera mbali zonse, udzu ukhale pakati. Wotsamira khoma, udzu ukhale chakumbuyo, masentimita 8 kuchoka m'mphepete. Khosi la udzu, pomwe masamba akumana ndi mizu, likhale pamlingo womwe linali m'chubu. Mukalikwirira, mvula ya Januwale idzaliwoletsa. Siyani mpata wa masentimita 3 kapena 4 pakati pa dothi ndi mlomo wa mphika kuti madzi azikhala ndi poima.

Pali njira imodzi yomwe imapulumutsa maluwa kwa miyezi yambiri. Tengani mphika wa pulasitiki wotambalala masentimita 20, mudule pansi pake ponse, mudzalemo udzu, kenaka muukwirire wonse mkati mwa mphika waukulu. Mizu ya udzu imakakamizika kutsika kaye pansi isanafalikire, ndipo dothi la pamwamba la m'mbali limatsalira maluwa. Nyengo yosintha maluwa ikakwana mumazula akale osalimbana ndi mizu ya udzu. Kwa lemon grass njirayi musaidumphe.

Tsopano maluwa. Mu mphika wa masentimita 45 mumakwana udzu umodzi, maluwa atatu oima a msinkhu wa masentimita 20 mpaka 30, ndi atatu oyanga olendewera m'mphepete. Oimawo atalikirane ndi udzu masentimita 10 mpaka 12. Tsiku lodzala mphika umaoneka wamipata, ndipo mtima umafuna kuonjezera. Dziletseni, pakatha milungu isanu mipatayo idzatsekeka yokha. Tsinani nsonga za mbande ndi maluwa oyamba omwe zabwera nawo kuti zichite nthambi. Thirirani pang'onopang'ono mpaka madzi atuluke pansi, dikirani mphindi khumi, thiriraninso. Sabata yoyamba tchingirani dzuwa la masana ndi katoni kapena saka.

Maluwa oyenera nyengo iliyonse

Mnzake wa udzu akhale wokonda dzuwa ndiponso wolola kuti dothi liumeko pamwamba musanathirirenso. Impatiens ndi begonia ndi maluwa abwino, koma amafuna mthunzi ndi chinyezi, choncho mu mphika uwu mmodzi adzavutika.

M'chilimwe dalirani portulaca, vinca ndi gazania. Portulaca amatsegula maluwa dzuwa likawala ndipo amamera ngakhale mutangobaya kanthambi m'dothi. Vinca, amene ndi Catharanthus roseus wochokera ku Madagascar, saopa kutentha, koma ndi wapoizoni akadyedwa, ndiye samalani pomwe pali ana okwawa kapena mbuzi. Woyera kapena wapinki amaoneka bwino kwambiri pafupi ndi masamba ofiirira. M'dzinja marigold wamfupi, wachikasu kapena walalanje, ndiye wodalirika, pamodzi ndi coleus wa masamba obiriwira mowala. Zinnia amakula msanga koma mvula ikachuluka masamba ake amachita mawanga, ndiye ikani wamfupi ndipo musamupanikize. Cholendewera cha m'dzinja chosavuta ndi mbatata. Pali mitundu yokongoletsa ya masamba achikasu, koma ngakhale kalembula wamba amagwira ntchito. Bayani nsonga imodzi yokha ya masentimita 25, muziidulira milungu iwiri iliyonse, ndipo muizule mu Epulo mbatata zisanadzaze mphika.

Petunia, alyssum ndi verbena ndi a nyengo yozizira. Wokerani mu Epulo mvula ikatha. Amachita maluwa kuyambira Meyi mpaka Seputembala, nthawi yomwe udzu watuwa ndipo mphika ukufuna wina woukongoletsa. Petunia wodzalidwa mu Disembala amasungunuka ndi mvula, ndipo ambiri amaganiza kuti anagula mbande zodwala pamene vuto linali mwezi. Lantana camara, ngakhale ali ndi maluwa okopa, ndi chomera chowononga tchire ndi msipu m'Zambia muno. Musamupatse malo.

Posintha maluwa, zulani akale ndi mizu yawo, chotsani dothi la pamalopo lokwana manja awiri, mubwezeremo latsopano losakaniza ndi manyowa.

Kuthirira ndi feteleza

Lowetsani chala m'dothi mpaka mfundo yachiwiri. Pouma, thirirani. Ponyowa, dikirani. Mu Okutobala, pamene masana kumatentha kupitirira madigiri 30, mphika wodzala umamwa malita 4 kapena 5 tsiku lililonse m'mawa, ndipo wadothi ungafunenso ena madzulo. Mu Juni ndi Julayi kamodzi pa masiku atatu kapena anayi n'kokwanira, m'mawa dzuwa litatuluka, kuti mizu isagone m'madzi ozizira. Kuthirira timadzi tochepa tsiku ndi tsiku ndi kapu kumanyowetsa pamwamba pokha, mizu ya pansi n'kumafa ndi ludzu.

Dothi likauma kwambiri limachoka m'mbali mwa mphika. Mukaona madzi akutuluka pansi mutangothira, musaganize kuti akwana. Tsekani mpata wa m'mbaliwo ndi zala, baya-bayani dothi ndi kamtengo, muthire lita imodzi imodzi katatu kapena kanayi, kusiya mphindi zingapo pakati.

M'dzinja vuto limatembenuka. Lusaka imalandira mvula ya mamilimita pafupifupi 800 pachaka, yambiri mu Disembala, Januwale ndi Febuluwale. Chotsani mbale zonse za pansi pa miphika, chifukwa zimawoletsa mizu komanso zimaswetsa udzudzu. Mphika usakhale pomwe madzi a padenga amagwera. Mvula ikatha, madzi akaimabe pamwamba kupitirira mphindi zochepa, pendeketsani mphika mutokose mabowo ndi waya. Koma musaiwale miphika ya pansi pa denga la khonde, yomwe imauma ngakhale kunja kukugwa mvula.

Mzindawu unakhala pamwamba pa miyala ya laimu, ndiye madzi a pa mjigo ndi a m'zitsime m'madera ambiri amasiya zoyera, monga zija zimamata m'ketulo. Mu mphika zimaoneka ngati chikhungwa choyera pamwamba pa dothi ndi m'mphepete. Udzu umapirira, koma petunia amayamba kuchita masamba achikasu kunsonga, mitsempha ili yobiriwira, chifukwa laimu akachuluka mizu imalephera kutenga ayironi. Palani chikhungwacho, mubwezere kompositi, ndipo kamodzi pamwezi tsukani dothi ndi madzi ambiri, malita 10 kapena kuposa, amvula ngati munasunga m'diramu. Madzi ochapira okhala ndi sopo waufa musathire mu mphika, mchere wake umaunjikana chifukwa ulibe kothawira.

Feteleza wa pachiyambi uja amatha pakadutsa milungu isanu kapena isanu ndi umodzi. Kuchokera apo, milungu itatu iliyonse sungunulani theka la supuni ya tiyi ya urea m'malita 10 a madzi, muthire padothi lonyowa kale. Miyezi iwiri iliyonse kwirirani supuni imodzi ya tiyi ya D Compound m'mphepete, kutali ndi mapesi. Musawonjeze poganiza kuti mukuthandiza. Urea akachuluka udzu umatalika mofooka, umagona, kufiira kumachepa, ndipo marigold amangochita masamba. Mu Juni ndi Julayi urea siyani, petunia okha ndiwo muwapatse D Compound pang'ono.

Nyengo yozizira, kudula ndi kugawa

Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, ndipo usiku wa Juni ndi Julayi kumazizira mpaka madigiri 10 kapena kutsika apo. Udzu wofiirawu ndi lemon grass ndi za kotentha. Zimaleka kukula, masamba amatuwa kuyambira kunsonga. Sizinafe, ndipo kuthira madzi ambiri ndi feteleza pofuna kuzidzutsa ndiko kumazipha. M'mapuloti a kunja kwa tauni, makamaka otsika pafupi ndi madambo, mausiku ena opanda mitambo ndi mphepo kumagwa chisanu chowaula mbewu. Mizu ya mu mphika ilibe nthaka yoifunditsa, choncho sendezani miphika pansi pa denga la khonde kapena pakhoma loyang'ana kumpoto, lomwe limasunga kutentha kwa masana. Wolemera wosasunthika muufunde ndi nsalu yakale kapena saka madzulo, muvundukule m'mawa. Pulasitiki yokhudza masamba siteteza.

Masamba ouma aja musawadule mu Juni, akufunditsa khosi la udzu. Dikirani kumapeto kwa Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala, usiku ukayamba kufunda. Mangani udzu wonse ndi chingwe, mudule ndi zenga lakuthwa kusiya masentimita 10 mpaka 15. Valani magolovesi, makamaka pa lemon grass. Pesani zinyalala za pakati ndi zala, ikani manyowa odzaza manja awiri, thirirani. Pakatha milungu iwiri kapena itatu mphukira zofiira zimasuzumira.

Chaka chilichonse, kapena zikachedwa zaka ziwiri, chiputu chimafuna kugawa. Zizindikiro zake ndi izi: pakati pauma pangotsala mkombero wobiriwira, madzi akuvuta kulowa, maluwa atsopano akufota ngakhale mukuthirira. Gawani mphukira zikangoyamba. Thirirani dzulo lake, gonekani mphika, sololani chiputu chonse, muchidule ndi chikwanje magawo atatu kapena anayi. Gawo lililonse likhale lalikulu kuposa nkhonya, ndi mphukira zisanu kapena kuposa, ndi mizu yake. Pakati pakufa paja tayani. Limodzi libwerere mu mphika ndi dothi latsopano, kapena theka lakale theka latsopano. Otsalawo aikeni m'machubu pamthunzi wopepuka sabata imodzi, osalola mizu iume ndi mphepo pamene mukugwira ntchito. Kugawa mu Juni kumalephereka chifukwa mizu yodulidwa sipola kukuzizira, imangowola.

Tizilombo ndi matenda

Udzu wokha sugwidwagwidwa, ambiri mwa mavuto amabwera ndi maluwa. M'chilimwe akangaude ofiira ang'onoang'ono amakonda marigold: masamba amachita timadontho totuwa, pansi pake pali ulusi wopyapyala. Amachuluka pouma ndi pafumbi, ndiye tsukani kunsi kwa masamba ndi madzi amphamvu masiku atatu aliwonse, ndipo chomera chogwidwa kwambiri chizuleni. Nsabwe za m'masamba ndi tizilombo toyera tokhala ngati thonje timafa ndi supuni imodzi ya tiyi ya sopo wamadzi wotsukira mbale mu lita imodzi ya madzi. Poperani madzulo, mutayesa kaye pa nthambi imodzi, m'mawa mutsuke. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika, funani nsabwezo, zili pafupi.

Nkhono zimadya mbande usiku m'dzinja, ndipo masana zimabisala pansi pa mphika pakati pa njerwa, pomwe mungazitole ndi manja. Chiswe chimakopeka ndi udzu wouma wophimbira, choncho pamwamba pa mphika phimbirani ndi kompositi kapena timiyala, ndipo njira zake zadothi muziphwanya mukangoziona. Machewere ofiirira amagwidwa ndi mbozi zija za chimanga zomwe zinafika m'Zambia kumapeto kwa 2016. Yang'anani m'kati mwa nsonga kawiri pasabata, muziphe ndi zala. Lemon grass amachita timizere tofiirira ngati dzimbiri kunsi kwa masamba chinyezi chikachuluka. Dulani masamba odwalawo muwaotche, musendeze mphika pomwe pakupita mphepo, ndipo muzithirira padothi osati pamasamba. Ngati masamba ake mumamwera tiyi, mu mphika umenewo musapopere mankhwala ophera tizilombo ngakhale pa maluwa a m'mbali.